Chikhomo cha Nambala 89

Nkhani iyi anandiuza ndi munthu wowotcherera zitsulo, tsiku lomwe basi yathu inathyoka chitsulo chapansi ndipo tinaswera pa galaja yake. Anzanga a m'basi anamwazikana kukafuna mithunzi. Ine ndinakhala pa tayala lakutha pafupi naye, pakuti ndinaona kale m'maulendo angawa kuti munthu manja akakhala pa ntchito, pakamwa sipakhala chitseko.

Ndinamufunsa komwe anaphunzira kuwotcherera. Anati iye kwenikweni ndi dalaivala, kungoti ukalamba unamutsitsa pa chiwongolero. Zaka khumi ndi zisanu anayendetsa chigalimoto chogwedeza nthaka cha kampani ina yofunafuna mafuta. Chigalimotocho chinali ndi chitsulo chachikulu kumimba. Amaima pomwe wauzidwa, n'kutsitsa chitsulocho mpaka matayala kunyamuka, kenako n'kunjenjemeretsa nthaka kwa kamphindi, mano m'kamwa kuchita kuwombana. Phokoso limatsika pansi, ndipo likafika pomwe mwala wa mtundu wina wathera n'kuyambira wina, limabwerera, monga mawu abwerera ukayankhula m'nyumba yopanda katundu. Pamwamba amakhala atazika timakutu tachitsulo mazanamazana, tolumikizana ndi mawaya, tomva phokoso lobwereralo. Zomwe timakutu tamva zimapita ku ofesi m'tauni, ndipo makina amazijambula pa chipepala chachitali ngati nsalu: mizere yakuda yosanjikizana, ngati munthu wadula dziko ndi mpeni n'kumaliyang'ana cham'mbali.

Koma chigalimoto sichiyenda chisawawa. Pamayamba padutsa wopima, ndi makina ake a miyendo itatu, kutambasula mzere wowongoka wa makilomita ambiri n'kumakhoma zikhomo za nambala, chikhomo chilichonse pa mamita makumi atatu. Wopima wa kampaniyo anali mlamu wake wa dalaivala, mwamuna wa mlongo wake. Anzawo ankawatcha a Sindiphonya. Anagwira ntchitoyo zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo palibe chikhomo chawo chomwe munthu anachizulapo kuti chakhomedwa polakwika. Ngakhale kunyumba, akuti, chingwe choyanikapo zovala ankachimanga atatsinzina diso limodzi.

Mwana wawo woyamba, wamkazi, anaphunzira za miyala mpaka sukulu yaukachenjede n'kulembedwa ntchito pa kampani yomweyo. Ntchito yake inali yowerenga zipepala zija. Mu ofesimo munali amuna okhaokha, ndipo anamupatsa dzina loti Namizere. Ena ankanena pakona kuti ntchito anaipezera pa msana pa bambo ake, ngati kuti munthu wokhoma zikhomo m'tchire angalembetse mwana mu ofesi ya pansanjika yachitatu.

Apa dalaivala anazimitsa moto wake n'kundijambulira pansi ndi kachitsulo. Mafuta, anati, sakhala m'dziwe pansi apo ayi. Amakhala m'mwala wa mchenga monga madzi m'chinkhupule, ndipo nthawi zonse amakwera mpaka china chake chiwatchinge. Msampha wosavuta kuuona ndi pomwe miyala yatukuka ngati beseni lovundikira. Umenewo ngakhale dalaivala autha kuuloza pa chipepala. Bwana wa ofesiyo ankakhulupirira umenewo wokha, n'chifukwa chake ankamutcha a Chitunda, ngakhale ena ankati dzinalo linachokera pa mimba yawo. Koma ulipo msampha wina wobisika. Mwala wa mchenga umakwera pakati pa miyala iwiri ya dongo, n'kumapyapyala, kupyapyala, mpaka kutha ngati kukamwa kwa nkhwangwa. Mafuta akafika kunsongako alibe kolowera. Pa chipepala sipaoneka chotukuka chilichonse, mizere iwiri imangoyandikirana n'kusanduka umodzi. Ukaboola kutsogolo pang'ono upeza dongo lokhalokha. Ukaboola kumbuyo kwambiri upeza madzi amchere.

A Chitunda anali ataboola zitunda zawo ziwiri, ndipo zonse zinatulutsa madzi. Eni kampani analola chitsime chimodzi chomaliza. Ndipamene Namizere anabweretsa chipepala cha mzere wachisanu ndi chiwiri, n'kuonetsa nsonga yotere pa chikhomo cha nambala 412. Anakangana nawo masabata atatu mpaka anamulola. Aliyense mu ofesimo ankadziwa kuti chitsimecho n'chake, ndipo chikauma, dzina lake liuma nacho.

Lamulungu lina anabwera kwa makolo ake ndi chipepalacho kukhwapa. Dalaivala analipo, pakuti masiku a Lamulungu sankaphonya kudya kwa mlongo wake. Mbale zitachotsedwa, mtsikanayo anatambasula chipepala pa tebulo, n'kutsindira ngodya zake ndi makapu awiri, botolo la mchere ndi magalasi a mayi ake. Amalume ake anafunsa ngati imeneyo ndi nsalu ya makatani, ndipo ngati ndi choncho anamunamiza wogulitsa. Iye anawayankha kuti mizere yokhotakhotayo ndi pomwe iwo ankawodzera pa chiwongolero. Mayi ake anati aliyense amene agwetsere tiyi pamenepo adziwa yekha.

Anaonetsa bambo ake nsonga ija, yodetsedwa ndi pensulo yachikasu. Kenako anafotokoza pomwe panavuta. Pa mizere ina yonse ya dera limenelo miyala imakwera kulowera kumadzulo. Pa mzere wachisanu ndi chiwiri pokha imakwera kulowera kum'mawa. Iye anaganiza kuti pansi pamenepo payenera kukhala msana wa mwala wakale wobisika womwe unapendeketsa miyalayo, ndipo anaujambula pa mapu. A Chitunda anaukana msanawo. Pamsonkhano anafunsa ngati mzerewo sunagone chagada, kumutu kukhala kumiyendo. Iye anawaonetsa pomwe mzere wina umadutsana nawo, ndipo miyala inkagwirizana bwinobwino. A Chitunda atalimbikirabe, anamufunsa kuti wapima mzerewo ndani.

"Ndinawauza kuti ndi a Sindiphonya," anatero akuseka. "Ndinati ngati mukukayika zikhomo za bambo anga, tsekani ofesi. Nkhani inathera pomwepo."

Bambo ake anamwetulira n'kufunsa kuti 412 ameneyo wagwera pati. Iye anatulutsa mapu n'kuloza chakumapeto a kum'mawa, pafupi ndi mauvuni a njerwa. A Sindiphonya anayang'ana mapuwo nthawi yaitali. Kenako anati akaone mpopi wakunja womwe unkadontha, ndipo sanabwererenso m'nyumba mpaka mwana wawo anapita.

Chomwe chinachitika n'chakuti. Pa kampaniyo panali lamulo losalembedwa lakuti mzere uliwonse umayambira kumadzulo. Chikhomo choyamba kumadzulo, chomaliza kum'mawa. Wojambula mapu mu ofesi sankafunsa n'komwe, ankangolemba 1 kumanzere. Nthawi imeneyo kunalibe timakina ta masiku ano touza munthu pomwe waima. Koma sabata lomwe ankapima mzere wachisanu ndi chiwiri, mvula inakokolola mlatho wopita kumadzulo. Zigalimoto zinali kudikira, mkulu wa kumsasa akutukwana, ndiye a Sindiphonya anayambira kum'mawa, kupitirira mauvuni a njerwa, n'kukhoma 1 kumeneko. Anati alemba m'buku kuti mzerewu wayambira kosayenera. Madzulo ake buku linali litanyowa, analiyanika pa boneti, m'mawa ntchito inapitirira. Zikhomo zinali mazana asanu, ndipo mzere wodutsana nawo uja unadutsa pakatikati penipeni. Ukautembenuza chotere kapena chotere, pakati pamakhalabe pakati. N'chifukwa chake miyala inagwirizana.

Dalaivala anati iye zimenezi anali ataziiwala. Munthu wa pa chiwongolero amangoyang'ana chikhomo chotsatira.

Lachinayi lake ofesi inatuma a Sindiphonya kukakhoma chikhomo cha chitsime. Ntchito yogwedeza inali itatha, ndiye dalaivala ankawayendetsa pa kagalimoto kakang'ono. Anafika pa mauvuni cham'mawa. Geleda yosalaza malo inali itafika kale, mwini wake atakhala pamwamba akusuta. A Sindiphonya sanatsitse makina awo. Analowa m'udzu n'kumapalasa ndi nsapato.

Mlamu wawo anawafunsa chomwe ataya, ngati ndi mano anene awathandize kufuna. Iwo anapitiriza kupalasa. Zikhomo zambiri za mzerewo anthu anali atazizula kale, ena kusonkhera moto, ena kumangirira mbuzi, ndipo dalaivala akuganiza kuti mumtima mwawo ankapempha kuti asapeze n'chimodzi chomwe. Koma anachipeza, m'tsinde mwa mpanda wa waya, chodyedwa ndi chiswe mbali imodzi. Anachizula, n'kupukuta dothi ndi chala chachikulu. Nambala ya penti yofiira inali ikuwerengeka. Anakhala pansi pomwepo.

Dalaivala anawerama n'kuwerenga 89.

"Alamu, mapu aja sakuti 412 pano?"

"Akutero."

"Ndiye wanama ndani?"

"Chikhomo sichinama. Ndinachikhoma ndine."

Anamukumbutsa za mlatho uja, ndipo zonse zinabwera. Nsonga ya Namizere inalipo ndithu pansi, koma osati pano. Inali kutsidya, makilomita pafupifupi khumi kumadzulo. Pano akanaboola dongo ndi madzi.

Dalaivala anandiuza mosabisa kuti iye anawalangiza zoponya chikhomocho m'uvuni. Umodzi unali ukufuka pomwepo. Anati zitsime zambiri zimauma, a Chitunda aumitsa ziwiri koma mimba sinaphwe, ndipo palibe amene adzabwere kudzapalasa udzu kuno. Mtsikanayo ndi wamng'ono, adzapeza mwayi wina. Koma iwo, munthu wa imvi, akangonena, dzina la zaka makumi atatu litha tsiku limodzi.

A Sindiphonya anati zitsime za a Chitunda zikauma anthu amati ndi mwayi woipa. Cha mwana wawo chikauma adzati tinanena ife. Ndipo iye adzakhala moyo wake wonse akuganiza kuti maso ake ndi olakwa, pamene maso ake anaona bwino.

Wa geleda anafuula kuti madala akhome chikhomo chawocho, iye sanabwere kudzaothera dzuwa. A Sindiphonya anamuuza kuti lero sakhoma, azimitse injini. Wa geleda anati ukalamba si matenda koma umapatsirana, ndipo dalaivala anamuyankha zina zomwe anakana kundibwerezera.

Anayenda kumadzulo, kuwoloka mlatho watsopano, ndipo masana onse a Sindiphonya anapima kuchokera pa mwala wa boma wopimirapo malo, wa m'mbali mwa msewu, mpaka anapeza pomwe 412 weniweni anali, m'munda wa munthu wina, mamita ochepa kuchokera pa mtsinje. Anapima kawiri. Anakhomapo chikhomo chatsopano n'kumangirira kansalu kofiira. Chikhomo cha 89 chinali m'thumba la jekete lawo, nsonga ikutuluka.

M'mawa mwake anapita ku ofesi osadutsira kunyumba. Dalaivala anakwera nawo masitepe, akuti kuti awagwire akagwa, ngakhale ine ndikuona kuti ankafuna kuonerera. Mayi wa pakhomo anayang'ana matope a nsapato zawo n'kuwalola kudutsa. Chipinda cha owerenga mizere chinali chachitali, ndi matebulo a galasi owala kunsi, zipepala zokulungidwa zitaimikidwa m'migolo pakona, ndi fani yomwe inkanyamula ngodya za mapepala nthawi iliyonse ikatembenuka. Namizere anali pa tebulo lakumapeto akusongola pensulo. Ataona bambo ake anaimirira, n'kufunsa ngati mayi ali bwino.

Bambo ake anaika chikhomo pa galasi, pamwamba pa mapu, pa mauvuni penipeni. Anamuuza motsitsa mawu komwe achizula ndi za mlatho. Mtsikanayo anaweramira pa tebulo. Anayang'ana nambala, n'kuyang'ana mapu, milomo ikuwerengera yokha. Kenako anakhala pansi, n'kuika pensulo m'bokosi mwake bwinobwino, n'kutseka bokosilo.

"Munadziwa Lamulungu," anatero.

"Ndinakayika Lamulungu. Ndadziwa dzulo."

"Ine ndinaimirira pamaso pa anthu khumi ndi awiri, bambo. Ndinapanga phiri pansi pa nthaka chifukwa cha inu."

A Sindiphonya anati akudziwa.

Anzake a m'chipindamo anali ataweramira mapepala awo mopitirira muyeso. Mtsikanayo anatenga chikhomo n'kuchiponya mu dirowa. Anawauza bambo ake kuti apite kunyumba akasambe. Iye apeza njira. Anena kuti wawerenganso zipepala ndipo wasintha maganizo, chitsime chisunthidwe, dzina lawo lisatchulidwe.

Bambo ake anamufunsa kuti ndi bwana uti angasunthe chitsime makilomita khumi chifukwa mtsikana wasintha maganizo. Adzati sadziwa chomwe akufuna, n'kubwerera ku zitunda zawo. Ndipo mapu adzakhalabe onama, wina adzagwa nawo m'tsogolo. Anatsegula dirowa okha, n'kutenga chikhomo chawo.

"Bambo, akuchotsani ntchito."

"Tenga chipepala chako, mwanangu. Tiye."

A Chitunda anali pa foni. Anawamva mpaka kumapeto osawadula, chikhomo chili pa tebulo pawo chikugwetsa dothi pa makalata. Kenako anapempha chipepala cha mzere wachisanu ndi chiwiri. Anachitembenuza, kumaso kuyang'ana kunja, n'kuchikanikiza pa zenera kuti dzuwa liwalire kumbuyo. Anauza dalaivala, yemwe anali ataima pakhomo ngati sakumva, kuti agwire ngodya inayo m'malo mongokhala. Mizere inaoneka kudutsa pepala. Tsopano miyala inkakwera kumadzulo ngati pa mizere ina yonse.

Bwanayo anayang'ana nthawi yaitali, akupumira m'mphuno. Anati msana wobisika uja wafa, ndipo sanaukhulupirirepo n'kale. Koma nsongayo ilipo, ndipo tsopano yagona momwe nsonga iyenera kugonera, kukamwa kuloza komwe mafuta a dera lonselo amakwerera. Anati akanaiona chonchi tsiku loyamba sakanataya masabata atatu.

Kwa Namizere anati pamene anamufunsa ngati mzere sunagone chagada, yankho lake linayenera kukhala kukwera galimoto n'kukawerenga chikhomo chimodzi, osati kulumbirira bambo ake. Iye anavomera kuti ndi zoona. Chitsime chinakhalabe chake, ndipo geleda inauzidwa kuwoloka mlatho.

Kwa a Sindiphonya anati asiye makina ku sitolo ya kampani asanatuluke. Mizere yonse yomwe anapimapo m'deralo iyenera kuonedwanso ndi munthu wina, ndipo iwo akadikire kunyumba. Anawafunsa ngati pali mzere winanso wotere. Iwo anati palibe. Bwana anati dzulo m'mawa akanawakhulupirira.

Anatsika masitepe, n'kukapereka makina. Wa ku sitolo, yemwe anali asanamve kanthu, anawafunsa ngati akupita pa tchuthi. Iwo anamuuza kuti mwendo umodzi wa makinawo umafuna kumangitsa kawiri, auze amene awatenge.

Mizere ija inaonedwanso, makumi anayi ndi itatu, ndipo sanapezemo cholakwa china. Komabe sanawaitanenso. Kalata inabwera yowathokoza pa ntchito yaitali. Dzina lija silinachoke, anthu m'misewu ankawaitanabe a Sindiphonya, ena mosadziwa, ena modziwa, ndipo iwo ankayankha onse chimodzimodzi. Namizere sanabwere kunyumba masabata asanu. Mayi ake ankati ndi ntchito. Lamulungu lachisanu ndi chimodzi anabwera, atapsa ndi dzuwa la ku chitsime, n'kukhala pa khonde ndi bambo ake. Dalaivala anati anatchera khutu ali m'nyumba, koma anangomva mtsikanayo akunena kuti afika mamita mazana asanu ndi anayi, ndipo bambo ake akufunsa ngati nsanja yoboolera anaiimika pa chikhomo penipeni kapena cham'mbali.

Nkhani anaisiyira pamenepo n'kuyamba kufuna waya wina wowotcherera m'bokosi. Ndinachita kumufunsa ndekha kuti nanga mafutawo anawapeza. Anati anawapeza, ambiri, pa nsonga penipeni pomwe mtsikanayo anadetsa ndi pensulo. Ananena mofulumira, osandiyang'ana, ndipo sanawonjezere tsiku, kapena fungo, kapena amene anabwera ndi uthenga, iye munthu amene anakumbukira kuti pa ngodya ya chipepala panali botolo la mchere.

Za chikhomo ndikuzikhulupirira, za mlatho ndi za zenera ndikuzikhulupiriranso. Koma ndamva nkhani zambiri kwa anthu okonda abale awo, ndipo ndaona zitsime zambiri zotsekedwa ndi simenti m'mbali mwa misewu. Zoti mafuta anatuluka, ine ndikukayika.